Kugula patani yosokera kapena yolukira: momwe mungayezere mtengo musanadule nsalu

Atelala ndi amayi oluka ambiri kuno ku Chipata amapunthwa pa zinthu ziwiri. Ena akaona patani yaulere pa Facebook amadula chitenje cha kasitomala tsiku lomwelo, diresi n'kutuluka lothina m'chiuno koma lotaya m'mapewa. Ena amalipira madola angapo pa intaneti poganiza kuti chodula ndiye chabwino, koma akatsegula fayilo amapeza kuti siikusindikizika bwino, kapena ikufuna ulusi womwe sapezeka nawo ku Kapata ngakhale ku Down Shops. Onsewa anayang'ana mtengo wa patani, pomwe ndalama yeniyeni imalowa mu nsalu, mu ulusi ndi m'masiku amene munthu amakhala pa makina kapena ndi singano m'manja. Patani yoipa imadya zonsezo, kaya inali yaulere kaya yodula.

Zofunika kukhala nazo

- Tepi yoyezera yokhala ndi masentimita mbali imodzi ndi mainchi mbali inayo
- Rula, pensulo ndi kope lolembamo miyezo ndi ndalama
- Foni yokhala ndi bandulo yokwanira kutsegula zithunzi ndi mafayilo a PDF
- Mapepala akuluakulu ojambulirapo: nyuzipepala zakale kapena mapepala a khaki
- Sizasi ya mapepala ndi ina ya nsalu, selotepi kapena guluu
- Nsalu yoyesera yotchipa, monga shiti lakale la pabedi la ku salaula
- Kwa oluka kroshe: singano za 3 mm, 4 mm ndi 5 mm, ndi mpira umodzi wa ulusi womwe mukufuna kugwiritsa ntchito, uli ndi kapepala kake

1. Dziwani kuti patani idzagwira ntchito kangati

Musanafunse mtengo, lembani m'kope chimene mukufuna kusoka kapena kuluka, ndi kuchuluka kwake. Patani ya shati la yunifolomu ya sukulu mudzaigwiritsa ntchito Disembala ndi Januwale aliyense, pa ana a misinkhu yosiyanasiyana. Patani ya bulawuzi ya amayi a mpingo kapena siketi ya komiti ya kitchen party mudzadulira anthu 10 kapena 15 nthawi imodzi. Chipewa cha mwana ndi shawelo zimayenda chaka chilichonse kukayamba kuzizira mu Juni ndi Julayi. Koma diresi la mkwatibwi la mtundu wachilendo mwina mudzalisoka kamodzi kokha.

Tsopano gawani mtengo ndi chiwerengerocho. Tiyerekeze kuti patani ikugulitsidwa K200. Ngati mudulira anthu 20, iliyense yamudyera K10, ndalama yomwe imalowa mu mtengo wosokera popanda kasitomala kudandaula. Ngati ndi ya chovala chimodzi, K200 yonseyo ili pamutu pa munthu mmodzi, ndipo muyenera kumuuza musanagule.

Chenjezo: musagule patani chifukwa chakuti yatsitsidwa mtengo pomwe mulibe woisokera. Mafayilo otere amangodzaza foni.

2. Werengani ndalama yonse, osati yolembedwa pa patani yokha

Patani zambiri za pa intaneti zimagulitsidwa m'madola, m'mapaundi kapena m'mayuro, ndipo mumalipira ndi khadi la Visa kapena Mastercard. Banki imasintha ndalamayo pa mtengo wake wa tsikulo, nthawi zina n'kuwonjezerapo kachapamwamba. Choncho onani mtengo wa dola tsiku logula, ndipo siyani kamalo ka zowonjezera.

Kenaka pali kusindikiza. Patani ya kroshe nthawi zambiri imakhala masamba ochepa, ndipo mutha kuiwerenga pa foni osasindikiza n'komwe. Ya kusoka ndi nkhani ina: diresi la munthu wamkulu limatha kudzaza masamba a A4 okwana 30, 40 kapena kupitirira, omwe muyenera kudula m'mbali ndi kumata limodzi. Ngati pamalo osindikizira akulipiritsa K2 pa tsamba, masamba 40 ndi K80, osawerengera selotepi ndi madzulo onse amene mudzakhale pansi mukumata. Patani "yaulere" ya masamba 60 itha kukudyerani zambiri kuposa yogula yomwe mwini wake anaikonza bwino kuti musindikize saizi imodzi yokha.

Lembani zonse mzere umodzi: patani, banki, bandulo, kusindikiza, kumata, nsalu yoyesera. Pambali pake lembani mtengo wa nsalu kapena ulusi wa ntchito yeniyeniyo. Mukayerekeza manambala awiriwa mudzaona nokha kuti chofunika kutetezedwa ndi chiti.

3. Yambani ndi zomwe zili pafupi

Patani yabwino koposa ya shati, buluku la sukulu kapena siketi wamba nthawi zambiri ili kale pa mulu wa salaula. Sankhani chovala chomwe chikukhala bwino pa thupi, ngakhale chili chothothoka mtundu, chigulireni kutchipa kwake. Chisuleni misoko mosamala ndi lezala, sitani chidutswa chilichonse, chiikeni pa pepala la khaki, jambulani m'mbali. Lembani pa chidutswa chilichonse dzina lake, saizi, ndi muvi woonetsa kumene ulusi wa nsalu ukuloza. Mukaiwala muviwo, mwendo wa buluku udzapotoka ukachapidwa.

Pa intaneti palinso zaulere zochokera kwa anthu odziwa ntchito. Drops Design ili ndi mapatani ambirimbiri olukira osalipira, ndipo Yarnspirations nayonso imatero. Pa Ravelry, tsamba la pa intaneti la anthu oluka, mumalembetsa kwaulere, ndipo mumapeza zaulere ndi zogulitsa pamodzi. Kwa osoka, Mood Fabrics imapereka mapatani a PDF osalipira. Drops, Yarnspirations ndi Mood amapatsa patani kuti agulitse ulusi ndi nsalu zawo, ndiye amakhala ndi chifukwa choikonzera bwino. Zimenezi n'zosiyana ndi chithunzi cha tsamba limodzi chomwe chazungulira m'magulu a WhatsApp mpaka manambala ake osawerengekanso.

Ine ndimaona kuti munthu amene akungoyamba kumene asagule kanthu kufikira atamaliza zinthu ziwiri kapena zitatu ndi patani zaulere. Ndi pamene amadziwa chomwe chimamuvuta, ndipo ndicho chomwe ayenera kudzalipirira.

4. Fufuzani patani musanatulutse ndalama

Apa ndiye pofunika kukhalapo nthawi. Wogulitsa wabwino amaonetsa zinthu zina poyera munthu asanalipire. Ngati wabisa, musagule, ngakhale mtengo utsike bwanji.

Pa patani yosokera funani tebulo la miyezo ya thupi, la chifuwa, chiuno ndi matako, m'masentimita kapena mainchi. Funaninso kuchuluka kwa nsalu yofunika, mtundu wa nsalu, ndi chojambula cha mizere choonetsa kutsogolo ndi kumbuyo kwa chovala. Chojambulacho chimanena zoona kuposa chithunzi cha mtsikana wovala, chifukwa chimaonetsa pomwe pali madati (timisoko topinda nsalu kuti igwire thupi), zipi ndi misoko. Onaninso ngati mpata wa msoko, kansalu kotsala kunja kwa mzere wosokapo, waikidwamo kale. Mapatani a makampani a Simplicity, McCall's ndi Butterick nthawi zambiri amakhala ndi 1.5 cm woikidwamo kale. A m'magazini a Burda Style alibe, mumawonjezera nokha pojambula. Mukasokoneza ziwirizi, chovala chimachepa kapena kukula ndi masentimita angapo kuzungulira thupi lonse.

Pa patani ya kroshe funani kukula kwa singano m'mamilimita, kunenepa kwa ulusi, kuchuluka kwake m'mamita kapena m'magalamu, kukula kwa chinthucho chikatha, ndi mzere wolembedwa "gauge" kapena "tension". Mzere umenewu umanena kuti mu 10 cm muyenera kukhala masititchi angati ndi mizere ingati. Juzi kapena diresi lolukidwa lopanda mzere umenewu silinayesedwe mokwanira.

Kenaka funani zithunzi za anthu ena amene analuka kapena kusoka patani yomweyo. Pa Ravelry, patani iliyonse ili ndi tsamba pomwe anthu amaika zomwe anapanga ndi ndemanga zawo, kuphatikizapo pomwe anapeza cholakwa. Pa Etsy, msika wa pa intaneti womwe amagulitsaponso mapatani, werengani ndemanga zokhala ndi zithunzi, makamaka za omwe sanakhutire.

Chenjezo lalikulu: masiku ano kwachuluka zithunzi zopangidwa ndi kompyuta za zidole, zikwama ndi majuzi a kroshe okongola mopitirira, zomwe palibe dzanja la munthu linazilukapo. Patani yomwe amakutumizirani imatulutsa chinthu china, kapena siitulutsa kanthu. Kuzani chithunzicho pa foni. Ngati masititchi akusungunukirana, osawerengeka limodzi limodzi, ngati pali chithunzi chimodzi chokha cha mbali imodzi, ngati wogulitsa ali ndi mapatani mazanamazana a mitundu yonse pa mtengo wotsika kwambiri, tsekani tsambalo.

5. Tsatirani tepi, osati nambala ya saizi

Saizi 14 ya m'sitolo si saizi 14 ya pa patani, ndipo ya ku America imasiyana ndi ya ku Britain ndi ya ku Germany. Yezani chifuwa, chiuno, matako ndi kutalika kwa msana kuchokera pakhosi kufika m'chiuno, ndipo yerekezani ndi tebulo la patani. Inchi imodzi ndi 2.54 cm.

Amayi ambiri omwe timawasokera amagwera saizi ina kumtunda ndi ina kumunsi. Choncho patani yokhala ndi masaizi ambiri pa pepala limodzi ndi yamtengo wapatali kwa telala: mumatsata mzere wa saizi yaing'ono pachifuwa, n'kuwolokera pang'onopang'ono ku mzere wa saizi yaikulu pofika m'matako. Makampani akuluakulu ambiri amajambulira mkazi wa msinkhu wa pakati pa 165 cm ndi 168 cm ndi chifuwa chapakatikati. Ngati kasitomala wanu ndi wamfupi kapena wa chifuwa chachikulu, muyenera kusintha, ndipo patani yabwino imakhala ndi mizere yosonyeza podula kuti mufupikitse kapena kutalikitsa.

Ngati miyezo ya munthu wanu ili kunja kwa tebulo, patani imeneyo si yake. Kuikulitsa ndi fotokope kumakulitsa khosi ndi mapewa pamodzi ndi chiuno, ndipo thupi la munthu silikula motero.

6. Onani ngati nsalu ndi ulusi wa kuno zikugwirizana nayo

Chitenje ndi nsalu ya thonje yosatamuka, ndipo m'lifupi mwake nthawi zambiri ndi pafupifupi 115 cm. Mapatani ambiri amalemba manambala awiri a nsalu, ya 115 cm ndi ya 150 cm. Werengani wa 115 cm, chifukwa umafuna mamita ochulukirapo. Chitenje cha mamita 2 chimakwanira siketi yowongoka kapena bulawuzi, koma diresi lotambasuka lifuna cha mayadi 6, chomwe ndi pafupifupi mamita 5.5. Ngati maluwa kapena zithunzi za pa chitenje zikuyang'ana mbali imodzi, kapena ndi zikuluzikulu zofunika kukumana pa msoko, onjezerani nsalu.

Patani yolembedwa kuti ndi ya "knit" kapena "stretch" ndi ya nsalu yotamuka ngati ya masikipa. Mukaidulira pa chitenje, munthu sangalowemo, chifukwa kawirikawiri ilibe zipi ndipo ndi yaing'ono dala kuposa thupi. Palibe luso lomwe lingakonze zimenezi nsalu ikadulidwa kale.

Kwa oluka, musavutike kufuna ulusi wa dzina lomwe lalembedwa pa patani. Funani wa kunenepa kofanana. Ulusi wolembedwa DK umayenda ndi singano ya pafupifupi 4 mm, wa 4 ply ndi woonda kuposa pamenepo, wa chunky ndi wonenepa. Yerekezani mamita a pa kapepala ka mpira, osati magalamu okha, chifukwa mipira iwiri ya 100 g itha kusiyana kutalika. Gulani ulusi wonse wa ntchitoyo tsiku limodzi, wa nambala imodzi ya utoto. Mukadzabwerera patapita milungu itatu, mtundu womwewo umatha kubwera wosiyana pang'ono, kapena osapezekanso.

Ndipo onani chilankhulo cha masititchi. "Single crochet" ya ku America ndi "double crochet" ya ku Britain, ndipo "double crochet" ya ku America ndi "treble" ya ku Britain. Mukaona chidule cha "sc" paliponse, dziwani kuti patani ndi ya ku America. Patani yokhala ndi tchati cha zizindikiro imathandiza kwambiri amayi omwe Chingerezi chimawavuta, chifukwa zizindikirozo zimaoneka ngati sititchi yeniyeniyo. Tchati chabwino ndi chinthu chimodzi chomwe ndingalipirire mosadandaula.

7. Lipirani kwa mwini wake, ndipo werengani zomwe walola

M'magulu a pa foni mumapezeka anthu ogulitsa "mapatani 500" pa ndalama yochepa, kulipira kudzera pa Airtel Money kapena MTN MoMo. Kawirikawiri awa ndi mafayilo a eni ake otengedwa popanda chilolezo, ena osowa masamba, ena a m'zilankhulo zomwe simungawerenge. Mukapeza cholakwa mulibe womufunsa. Komanso amene anakhala masabata akujambula ndi kuyesa patani imeneyo ndi mmisiri ngati inu nomwe, ndipo mukudziwa mmene zimawawira wina akatenga sitayelo yanu n'kumati ndi yake.

Werengani mawu a mwini patani pa nkhani yogulitsa zomwe mwapanga. Ambiri amalola kugulitsa zinthu zolukidwa kapena zosokedwa ndi manja anu, ena amapempha kuti mutchule dzina lawo, ena amalemba kuti ndi yogwiritsa ntchito pakhomo pokha. Ngati cholinga chanu ndi malonda, sankhani amene walola poyera. Pafupifupi onse amaletsa kugawa fayilo yeniyeniyo.

Mukalipira, tsitsani fayilo nthawi yomweyo, isungeni pa foni ndipo dzitumizireninso pa imelo. Nambala yanu yachinsinsi ya foni kapena ya khadi musauze wogulitsa aliyense.

8. Sindikizani tsamba limodzi kaye

Patani ya PDF yosokera imakhala ndi kabokosi koyesera, kawirikawiri ka 10 cm kapena ka inchi 1, pa tsamba limodzi. Uzani wosindikiza kuti atulutse tsamba lokhalo, pa "actual size" kapena 100%, osati "fit to page". Yezani kabokosiko ndi rula muli pomwepo, musanalole masamba enawo. Ngati 10 cm yatuluka 9.5 cm, chiuno cha 100 cm chidzatuluka 95 cm, ndipo siketi siitseka.

Onaninso kukula kwa pepala. Kuno timagwiritsa ntchito A4, ya 210 mm ndi 297 mm. Ku America amagwiritsa ntchito Letter, yomwe ndi yotambalala pang'ono koma yaifupi. Mapatani ambiri amakonzedwa kuti alowe pa onse awiri, koma funsani musanagule. Ena amabwera ndi fayilo ya A0, pepala limodzi lalikulu losafuna kumata. Imathandiza pokhapokha mwapeza malo osindikizira mapulani a nyumba.

Mukamata, jambulani saizi yomwe mukufuna pa pepala la khaki, patani yaikuluyo muipinde muisunge. Mukaidula, masaizi enawo atayika, ndipo mudzalipiranso kusindikiza.

9. Yesani pa chotchipa musanakhudze chodula

Dulani patani pa shiti lakale, lumikizani ndi msoko wautali wosavuta kusula, osaika zipi kapena kupinda m'mphepete. Muvekeni mwini wake, akhale pansi, akweze manja, ayende. Zomwe mwasintha zilembeni pa pepala la khaki. Chitenje chenichenicho muchichape ndi kuchisita musanadule, chifukwa thonje limafupika likalowa m'madzi koyamba.

Oluka lukani kachidutswa koposa pang'ono 10 cm mbali zonse, ndipo werengani masititchi pakati pake. Ngati achuluka kuposa a pa patani, dzanja lanu ndi lothina, tengani singano yokulirapo. Ngati achepa, tengani yocheperapo. Pa doilo kapena bulangete kusiyana pang'ono kulibe vuto, kungoti ulusi utha kukutherani. Pa chipewa, nsapato za mwana ndi juzi, musadumphe gawo limeneli.

10. Pomwe kulipira zambiri kuli ndi phindu

Jekete la suti, buluku la abambo lokhala ndi matumba a m'kati, diresi la ukwati lothina kumtunda, juzi la kroshe la masaizi ambiri: izi n'zovuta kujambula pamutu, ndipo nsalu yake ndi yodula. Apa patani yoyesedwa ndi anthu ambiri, yokhala ndi zithunzi za gawo lililonse kapena kanema, imabweza ndalama yake pa chovala choyamba. Chimodzimodzi ngati mwalandira oda ya gulu lopita ku Nc'wala ku Mtenguleni mu Febuluwale kapena ku Kulamba ku Mkaika mu Ogasiti, pomwe anthu a matupi osiyana akufuna kuoneka mofanana ndipo tsiku silisuntha.

Siketi ya lasitiki, epuloni, pilo, sikafu, mabwalo a bulangete ndi chikwama wamba sizifuna patani yogula. Tepi ndi choko zikwanira.

Ngati muli m'gulu la amayi la kuluka kapena la chilimba, magazini kapena buku la mapatani logulidwa ndi gulu litha kuzungulira, aliyense n'kujambula saizi yake pa pepala lake.

Zolakwa zomwe zimabwerezedwa

Kudula nsalu ya kasitomala ndi patani yomwe simunaisokepo. Ngati nthawi yachepa, yesani gawo la kumtunda lokha, la mapewa ndi chifuwa, chifukwa ndi pomwe zambiri zimalakwikira.

Kuiwala kuika mtengo wa patani, kusindikiza ndi nsalu yoyesera pa ndalama yomwe mwatchulira kasitomala. Mukatchula mtengo musanawerenge zimenezi, zimatuluka m'thumba mwanu.

Kugula patani yoposa luso lanu chifukwa chithunzi chakukopani. Ambiri amalemba ngati ndi ya oyamba kumene, apakatikati kapena akatswiri. Khulupirirani mawu amenewo.

Kuwerenga mainchi ngati masentimita, kapena kutembenuza tepi pakati pa kuyeza. Sankhani mbali imodzi ya tepi ndipo lembani m'kope ndi chizindikiro chake.

Kusintha singano ya kroshe pakati pa ntchito chifukwa yoyamba yasowa. Singano za 3.5 mm ndi 4 mm zimaoneka zofanana m'maso, koma shawelo imasonyeza mzere pomwe munasinthira. Lembani nambala ya singano pa patani tsiku loyamba.

Kusunga mapepala a patani pansi kapena pafupi ndi khoma nthawi ya dzinja. Chinyezi chimakwinyitsa pepala, selotepi imamatuka, chiswe ndi makoswe zimamaliza zotsala. Ikani patani iliyonse mu envulopu yaikulu kapena m'jumbo, lembani kunja dzina, saizi, mamita a nsalu omwe inadya ndi zomwe munasintha, ndipo zomwe mumagwiritsa ntchito kawirikawiri muzijambulire pa katoni, muboole kabowo, muzipachike pa msomali.